Tivi Yopanda Miyendo

Tivi inafika Loweruka masana, itakwera wilibala. A Tabu anaiona ikadali kutali, ikukhota pa mpopi wa mumsewu wawo ku Amaveni, komboni ya ku Kwekwe, m'dziko la Mashona. Woikankha anali Mbaraka, wa ku mgodi wa golide ku Gaika, mwamuna amene anafunsira mdzukulu wawo Shakila. Ankayenda pang'onopang'ono, akuzemba maenje, ngati wanyamula wodwala.

Tivi ya m'katoniyo inali mahari. Kwa Asilamu mkazi ndiye amatchula mphatso imene mwamuna ampatse ukwati usanamangidwe, ndipo chimene watchulacho chimakhala chakechake mpaka imfa. Ana a anthu amatchula makina osokera. Ena ndolo. Shakila, amene a Tabu anamulera kuyambira tsiku limene mayi ake anaikidwa m'manda, anatchula tivi. Osati yodula ya m'masitolo a magalasi m'tauni ya Kwekwe, ayi. Yotchipa yomweyi, zija zolowa pa intaneti zimene zadzaza pa msika ngati tomato.

A Tabu anali atanena zonse zimene munthu wamaso anganene. Makina osokera amadyetsa mkazi mwamuna akatsikira mu mgodi osatulukanso. Tivi idyetsa ndani? Magetsi amathima kukacha, n'kubwera pamene afunira. Akaphulitsa miyala pansi ku mgodi, makapu amavina m'kabati, nanga galasi lopyapyala ngati chikhadabo? Ya kwa a Nowa, nyumba yoyandikana nayo, inakhala miyezi inayi yokha, mphenzi itangodutsa kutali inatseka maso. Ndiponso amati rimoti yake ili ndi khutu. Chinthu cha khutu m'nyumba ya akazi awiri!

Shakila anamvetsera zonsezo akupukuta mbale. Anayankha mosakweza mawu, ndipo n'chimene chinawaopsa agogo akewo.

"Agogo, Gedion munamuthamangitsa chifukwa ankatsokomola. Munati fumbi la mgodi lamudya m'chifuwa, ndikhala wamasiye chaka chisanathe. Si uyo amadutsa pano ndi ana atatu, wonenepa ngati mwini butchala? Januário munati nsapato zake zimabwera ndi dothi la ku komboni ina. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndatopa. Uyu mukangomunenera kanthu, ine ndikwera basi ya ku Joni, ndipo mawu anga muzidzawamva pa foni basi."

Nthawi inali yochepa. Lachisanu amalume ake a Shakila, a Abdulrazak, ankabwera kuchokera ku Mandava kudzamva mawu a mayi awo. Anali atanena kale pa foni kuti, "Mayi, mwanayu munalera ndinu. Mukati inde, ine ndipita kwa shehe. Mukati ayi, ndikwera basi yobwerera."

* * *

"Salaam aleikum, akazi anga aakulu," anatero Mbaraka akutsitsa katoni pakhonde. Ankawasereula choncho, monga amachitira amuna a adzukulu. "Ndakubweretserani wokuchezetsani, muleke kuchezera zenera."

"Aleikum salaam. Zenera silinandinamizepo. Pukutani mapazi."

Shakila anadula tepi ndi mpeni wa masamba. Anatulutsa tivi, rimoti, chingwe. Anagwedeza katoni, anasuzumiramo, anaigwedezanso.

"Nanga miyendo yake?"

Mbaraka anakanda m'khosi. "Zotchipazi sizibwera ndi miyendo, n'chifukwa chake n'zotchipa. Komanso ndi bwino, singakuthawe."

Shakila anaseka mpaka kummenya ndi rimoti paphewa. Anaitsamiritsa kukhoma pamwamba pa kabati, n'kuichirikiza ndi njerwa ziwiri zokulunga m'nyuzipepala. Magetsi kunalibe, choncho atatuwo anangoima kuyang'ana galasi lakuda mmene munkaoneka zithunzithunzi zawo zomwe.

Awiriwo atatuluka, a Tabu anasendera pafupi. Maso awo anali atayamba chifunga, zinthu zing'onozing'ono sankazionanso, koma mphuno ndi zala zinali zikadali zawo. Atsikana a masiku ano sanunkhiza katundu. Akangoona tepi yonyezimira, basi akhulupirira. A Tabu ananunkhiza kumbuyo, pa timabowo topumira. Katundu watsopano amanunkha pulasitiki. Uyu ankanunkha utsi wa parafini ndi anyezi wokazinga. Anapititsa chala kunsi. Kunali timabowo tinayi, ndipo m'mbali mwake munali mokalikakalika, ngati wina anamangapo chinthu n'kuchimasulanso.

Anapukuta chalacho pa chitenje, natseka pakamwa.

* * *

Pa geti pali mtengo wa mapeyala, ndipo ndi pamene awiriwo ankaima potsanzikana. A Tabu anatenga lichero la nyemba nakhala pansi pa zenera la kukhitchini, pamene mawu a pa geti amafika osatayika ndi limodzi lomwe.

"Wawonda," anatero Shakila. "Ukudya kodi?"

"Ndikudya fumbi, lomwe lija linamupha Gedion."

"Iwe! Akumva."

"Amve. Agogo ako sandifuna."

"Safuna aliyense. Ngakhale wowerenga mita ya madzi amati ali ndi maso a wakuba. Koma waona? Lero sananene kanthu."

"Komabe Shaki, undiuze zoona. Tivi? Anzanga akundiseka, akuti wapeza mkazi wa mafilimu, uzidzadya nsomba zopserera."

"Si yanga." Mawu a Shakila anatsika, moti a Tabu anasiya kusankha nyemba. "Ndi ya agogo. Ali ndi mng'ono wawo ku Ntaja, a Hajira. Anasiyana ali atsikana, agogo akubwera kuno ndi malemu agogo aamuna. Anaonanako kamodzi kokha, pa maliro a mayi awo, ine ndisanabadwe. Ndikawaimbira pa foni, agogo amati akungoona kanyemba kakuyenda. Ndikufuna awaone nkhope yonse, yaikulu, maso asanatsekeretu. Yodula sindikuifuna, ndikudziwa mmene ukuvutikira. Ikangogwira ntchito tsiku limodzi lokha, kwa ine yakwana."

"Bwanji osawauza?"

"Kuti anene kuti nkhope ikalowa m'galasi mwini wake sachedwa kufa?"

Mbaraka anati, "Shaki, iwe ndiwe munthu wabwino kuposa ine."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ukufulumira."

Foni inalira m'thumba la Mbaraka. Inalira kawiri, n'kudulidwa.

"Ndani?"

"Za ku ntchito."

Pansi pa zenera, a Tabu anapeza kuti ataya nyemba zabwino pamodzi ndi miyala.

* * *

Magetsi anabwera Lolemba dzuwa likupendeka. Shakila analumikiza tivi ndi foni yake. Inachedwa kudzuka ngati mlonda wokalamba. Ukadina rimoti, inkayamba yaganiza kaye. Mawu ake anali ngati munthu akulankhulira m'chitini. Koma zithunzi zinali zazikulu ndi zowala, moti ngakhale maso a a Tabu anazigwira.

Zinandandalikana m'mizere. Mayi akusambitsa khanda m'beseni. Wapakati atagona chammbali, namwino akumupima mimba. Tizovala ta makanda. Kwaya ya tchalitchi, amayi a yunifolomu akuwomba m'manja. Khanda linanso.

"Shakila, makanda onsewa ndi a yani?"

"Ndi zotsatsa malonda, agogo, zimangobwera zokha." Sanayang'ane n'komwe. Ankalimbana ndi foni, akudandaula kuti tiviyo ikumwa bandulo ngati mchenga umwera madzi.

M'mawa mwake a Tabu anadikira mpaka Eluby, mkazi wa a Nowa, atatuluka kudzayanika zovala pa mpanda.

"Ndamva mwagula maliro ngati athu aja, gogo," anatero Eluby, pegi ili pakamwa. "Mvula ikuyamba mwezi wamawa, muikonzeretu nsalu yoikulungira."

"Tandiuze, mwanawe. Zimene imaonetsa ikangoyaka, amaikamo ndi a ku fakitale?"

"Aiwa! Zinthu zimenezi zimaloweza mwini wake. Yathu ija inkangotionetsa mpira chifukwa cha bambo a kunyumba. Ine nditaonera kuluka tsitsi masiku atatu, inayamba kundibweretsera tsitsi lokhalokha. Imadziwa za m'nyumba kuposa apongozi."

A Tabu anagwira waya wa mpanda. Tivi yatsopano ingaloweze bwanji makanda m'nyumba imene khanda lomaliza linali Shakila? Nanga kwaya, m'nyumba ya mikeka ya swala, mapemphero a Chisilamu? Munthu akamakula amapempha Mulungu kuti zimene akuopa zikhale zamisala chabe, anthu amuseke, iye agone. Koma tsiku limenelo chakudya sichinatsike.

* * *

Lachitatu, Shakila atachoka, a Tabu anakwera kombi, minibasi yopita m'tauni. Ankaopa makombi kuposa njoka, pakuti njoka siithamangitsidwa ndi apolisi itanyamula anthu, koma anakwera, atagwira mpando wakutsogolo ndi manja awiri mpaka m'tauni. Mbaraka anali atatchula kuti anagula kwa Obert, wa kashopu ka malata pafupi ndi pokwerera mabasi.

Obert anali Mshona wonenepa, wokulira pakati pa Amalawi a m'komboni, ndipo Chichewa ankachilankhula mochithyola.

"Titambire, gogo! Mukufuna ya mainchesi angati?"

"Ndikufuna kudziwa ngati zotchipa zanuzi munthu wanzeru angagule."

Obert anausa moyo ngati munthu amene wayankha funso limeneli chiyambire dziko. "Chokwadi, zoona zake, gogo? Mukafuna choonera lero ndi mawa, tengani, chithunzi n'chabwino. Mawu ndi a m'chitini, rimoti ndi yaulesi, mvula ikamagunda muzizula pakhoma. Zina zimakhala zaka zitatu, zina miyezi itatu, ine sindine mneneri. Mukafuna chosiyira adzukulu, gulani mbuzi."

"Miyendo mumagulitsa payokha?"

"Miyendo? Katoni iliyonse ili ndi miyendo iwiri ndi masikuluwu anayi. Wakuberani ndani?"

"Mwana wina wa ku Gaika. Mbaraka."

"Haa, Mbaraka, shamwari yanga, mnzanga weniweni! Ameneyo anagula kalekale, Ramadani yanu isanayambe, miyendo tinamangira limodzi pa tebulo ili. Sabata yatha wangobwera kudzapempha katoni yopanda kanthu ndi tepi, akuti..." Obert anaima. Anayang'ana mpango wa a Tabu, anayang'ana manja awo atagwira ndodo. "Gogo, inu ndinu ndani wake?"

"Mkazi wake wamkulu," anatero a Tabu, natuluka.

* * *

Sanapite kunyumba. Anakakhala pa mwala pamene basi ya ku mgodi imatsitsira anthu, pafupi ndi mayi wowotcha chimanga, mpaka mthunzi wa mtengo wa magetsi unawoloka msewu. Mbaraka anatsika womaliza, maso ofiira, fumbi lili m'nsidze.

"Akazi anga! Mwandichingamira?"

"Lero musandisereule, bambo. Khalani apa. Tivi ija inali m'nyumba ya yani?"

"Agogo, ndinagula kwa..."

"Kwa Obert. Ndachokera komweko. Imanunkha parafini ndi anyezi. Sindidziwa kulemba dzina langa, koma musandiyese chitsiru."

Mbaraka anakhala pansi pa dothi. Analankhula akuyang'ana majombo ake.

"Dzina lake Tariro, wa ku Mbizo. Tinali limodzi chaka chathunthu. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, anati Msilamu salowa pakhomo pawo. Anamuuza asankhe, anasankha kwawo. Patha miyezi isanu. Masabata atatu apitawa mchimwene wake anabwera ndi tivi itakulungidwa m'bulangeti, anaisiya pakhomo panga osanena kanthu. Shakila atatchula tivi, ine n'kuona ili pakona pompo. Ndinachita manyazi kumuuza kuti adikire. Ndinati tivi ndi tivi."

"Mahari si tivi ndi tivi. Mwampatsa mwana wanga chovala chimene wavula mkazi wina, n'kuchisita kuti chioneke chatsopano." A Tabu anamuloza ndi ndodo. "Nanga mwanayo abadwa liti?"

"Mwana uti?"

A Tabu anamuyang'anitsitsa. Nkhope ya mwamuna wonama ankaidziwa, anakhala nayo zaka makumi anayi kwa amuna awo, malemu a Ismail, Mulungu awakhululukire. Iyi sinali imeneyo.

"Chinthu chija chimaloweza mwini wake. Chikangoyaka, ndi makanda, amayi apakati, makanda. Inu simunachiyatse?"

"Magetsi kwathu... ndinangochipukuta n'kuchiika m'katoni." Mbaraka anavula chipewa, nachifinya m'manja. "Wakhala akuimba. Sindiyankha. Ndimayesa akufuna kunditukwana. Ya Allah." Kenako anadzutsa mutu ngati womira amene waona nthambi. "Mwina ndi mkulu wake ali ndi pakati. Amakhala nyumba imodzi."

"Mwina."

"Mukamuuza Shakila?"

A Tabu anali atalingalira zimenezo pa mwala paja masana onse. Pakamwa pawo panali patathamangitsa kale amuna awiri. Akanena iwo, Shakila sadzamva dzina la Tariro. Adzangomva kuti agogo ayambanso, n'kutsitsa sutikesi. Ku Joni kumene ana a anthu amapita ndi miyendo n'kubwera m'bokosi!

"Ine ndatopa kukhala galu wa pakhomo. Mukamuuze nokha, Lachisanu lisanafike. Akakukhululukirani akudziwa zonse, ine ndidzati inde."

"Wallahi ndimuuza, agogo. Mawa lomwe."

* * *

Lachinayi linafika, Mbaraka sanafike. Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, foni ya Shakila inalira kukhitchini, ndipo mawu ojambulidwa anadutsa khoma.

"Shaki, ndili ndi nkhani, koma si ya pa foni. Ndimati ndibwere, andibwezanso pansi, mnzanga wavulala dzanja. Mawa ndifika msanga, anthu asanakhale pansi. Undidikire pa geti."

Shakila anayankha akuseka, foni ili pamlomo. "Nkhani yanji, bambo? Ngati ndi ya miyendo ya tivi, njerwa zikugwira bwino. Ngati wasintha maganizo, uuze amalume wekha, ali ndi dzanja lolemera."

Kenako anabwera ndi beseni la madzi ofunda, nagwada pamaso pa agogo ake.

"Munapita kuti dzulo, mapazi atupa chonchi?"

"Kukaona munthu."

Shakila anawasisita zidendene mwakachetechete. Manja ake anali ngati a mayi ake, zala zazitali, zozizira kunsonga.

"Agogo, sabata yonse simunanene choipa chilichonse cha Mbaraka. Musayese sindinaone." Anagoneka chipumi pa bondo lawo. "Ndikudziwa kuti si chapafupi kwa inu. Zikomo."

Mawu anakwera mpaka pakhosi, onse, ndi dzina lomwe. A Tabu anayang'ana mutu umene anauluka kuyambira uli ndi tsitsi la khanda, nawameza.

"Madziwa atentha," anatero. "Undisupula."

* * *

Lachisanu Shakila anadikira pa geti mpaka nthawi ya Juma inakwana. Mbaraka anatulukira atatha mapemphero, akuchokera ku mzikiti pamodzi ndi a Abdulrazak, amene anamugwira mkono njira yonse akumufotokozera za mgodi wa ku Mandava mmene unalili kale.

"Shakila, kamphindi chabe..." anayamba Mbaraka pakhomo.

"Aikona!" anatero a Abdulrazak. "Mudzalankhulana zaka makumi asanu mpaka kutopana. Lowani, khalani pansi."

Magetsi analipo, ngati wina wawaiwala. Shakila anathira tiyi, kenako anaima pafupi ndi kabati, foni m'manja.

"Amalume, tisanayambe. Agogo, sendezani mpando kuno."

Tivi inaganiza, inaganizanso. Galasi linada, linayera. Ndiye panatuluka mtengo wa mango, phiri kumbuyo kwake, ndi nkhalamba ya mpango wobiriwira itadzaza galasi lonse, ikuphethira. Pachibwano pake panali chipsera. A Tabu anachidziwa chipseracho, pakuti anachiika okha ndi kakhasu, ali ana, akulimbirana mbatata.

"Hajira," anatero a Tabu. "Hajira, iwe! Wakalamba!"

"Achemwali!" Mawu anabwera a m'chitini, ochedwa, koma anali ake. "Nanga inu? Mwasanduka mayi athu enieni! Mano aja munasiya kuti?"

"Choka pansi pa mtengo umenewo, nthambi iyo yauma, ikugwera!"

"Mukadali chomwecho!" A Hajira anaseka mpaka chithunzi chinauma, pakamwa pali yasa, kenako chinayendanso.

A Tabu anapezeka ataimirira, dzanja lili pa galasi. Linali lofunda. Anafunsa za manda a mayi awo, za chitsime, za anthu amene onse anali atafa. Misozi inatsika m'makwinya osaipukuta. Atacheuka anaona Shakila akuwayang'ana, nkhope ikuwala monga sinawalirepo chichokere Gedion.

"Musadule, a Hajira akhale mboni," anatero a Abdulrazak akupukuta magalasi. "Mayi, ndabwera kudzamva mawu anu. Mnyamatayu timpatse mwana?"

A Tabu anayang'ana Mbaraka. Mbaraka ankayang'ana simenti. Sanamuuze Shakila, zinali zoonekeratu, ndipo pangano linali loti akanena iye, iwo adzavomera. Anayang'ananso Shakila. Anali atatopa, a Tabu, kutopa kwa zaka zonse zimene anakhala pa zenera.

"Ndilibe chonena," anatero. "Pitani kwa shehe."

"Alhamdulillah!" A Abdulrazak anawomba m'manja. Ku Ntaja a Hajira analulutira m'chitini.

"Tisvikewo!"

Anali mawu a mkazi, akuodira m'Chishona pa geti. Asanayankhidwe anali atafika pakhomo: wamng'ono thupi, duku lotuwa, mapazi otupa m'masilipasi, mimba itatsogola. M'manja anali ndi jumbo yakuda. Kapu ya Mbaraka inagwa n'kugubuduka mpaka pansi pa kabati.

"Pepani kusokoneza," anatero mlendoyo m'Chichewa chopindika, cha munthu amene anachiphunzira kwa mwamuna. "Ndine Tariro. Obert wandiuza kuti tivi yanga yapeza nyumba. Miyendo inatsalira pansi pa bedi." Anatsegula jumbo, naika pa simenti timiyendo tiwiri takuda ndi masikuluwu anayi okulunga m'kapepala. "Foni sayankha, ndiye ndati ndibwere ndekha. Sindinabwere kudzamenyana, sisi, mphamvu ndilibe. Kwathu andithamangitsa. Mwezi wamawa ndikuchira. Ndimangofuna bambo wa mwanayu adziwe."

Mbaraka anaimirira theka, "Shaki, ndi nkhani ija, ndimati..." koma Shakila sanamuyang'ane n'komwe.

Ankayang'ana agogo ake. A Tabu, amene amadzidzimuka nkhuku ikagwetsa chitini, amene safuna mlendo adutse geti asananene dzina la bambo ake, sanadzidzimuke. Anali atakankha kale kampando ndi phazi kuti wapakatiyo akhale.

"Agogo," anatero Shakila pang'onopang'ono. "Munadziwa?"

"Mwana wanga, unati ndikangonena..."

"Lachitatu. Mapazi aja." Shakila anaseka kuseka kopanda mano. "Mwandichenjeza za mphenzi. Za makombi, za agalu, za chifuwa cha munthu, za dothi la nsapato. Moyo wanga wonse. Ndiye lero, ndili chiimire pano, mwati pitani kwa shehe?"

"Kodi kwabwera ndani?" anafunsa a Hajira kuchokera pamwamba pa kabati, akusuzumira. "Ndi a kuchimuna? Mpatseni madzi mwanayo, ali ndi pakati!"

Shakila anaika foni pa tebulo bwinobwino, osaimenyetsa. Analambalala timiyendo tija, nalowa kuchipinda. Bandulo inathera pomwepo, ndipo nkhope ya a Hajira inauma pa galasi ikumwetulira. M'nyumba monse munangomveka chinthu chimodzi: sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi.